Kuthamangitsa Ayezi ku Lungwena

Ndinanyamuka pa boma la Mangochi Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala, nditanyamula katundu amene munthu wa mutu wabwino sanganyamule nyengo imeneyo: chibuma cha ayezi. Ulendo unali wa ku Lungwena, kwa achimwene anga Che Daudi.

Achimwenewo anagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri pa loji ina ya kunyanja, kuwasakanizira alendo zakumwa. Chimene chinawatchukitsa chinali khofi wozizira wothira shuga wowotcha, uja amati karamelo, ndi kamowa pang'ono. Alendo ankamwa n'kumaitanitsa wina. Koma eni akewo ntchito inali ntchito, mowa pakamwa pawo sunafikepo, ndiye m'zaka zonsezo khofi wawoyo ankangomununkhiza. Chaka chatha sitiroko inawagwira, dzanja lamanja n'kufa, ntchito n'kuthera pomwepo. Lachinayi la sabata ya ulendowu alamu anga Abiti Saidi anandiimbira foni.

"Alamu, abale anutu asiya kudya. Phala masipuni awiri, basi atembenukira kukhoma. Akuti chomwe akufuna ndi khofi wawo uja, wopanda mowa, amveko zimene ankamwetsa anthu. Ine sindikudziwa n'koyambira komwe."

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika mumsika, ndipo anzanga amati mtengo woyamba sindingauvomere ngakhale utakhala wa sanda yondiikira m'manda. Sanama. Khofi wogayagaya ndi mkaka ndinagula m'shopu ya mitengo yolembalemba, ndipo nditayesa kunenerera, mayi wa pa kauntala anangoti, "Bambo, makinawa samva chisoni." Mkwiyo wonse ndinakaphwetsera kwa wogulitsa ayezi, kumene amagula anthu a nsomba. Iye K3,000, ine K1,500. Tinakokana mpaka tinakumana pa K2,000, chibuma chili pa dzuwa kudikira kuti akuluakulu amalize zokambirana. Ndinachikulunga m'pulasitiki ndi chiguduli, n'kuwoloka mlatho ndikuyenda ngati ndawina mlandu.

Pa siteji ya kutsidya ndinapeza kagalimoto koyenera anthu asanu ndi awiri, muli kale anthu khumi. Malo analipo a munthu mmodzi.

"Lungwena sikisi sauzande, bwana. Lowani tizipita."

"Folo," ndinatero, n'kuyang'ana kumbali monga mwa luso lathu.

Kumsika ukayang'ana kumbali, wogulitsa amakuitana. Dalaivala uyu sanaphunzire ku sukulu imeneyo. Anakweza gogo wina wa nkhuku ziwiri, chitseko phwa, fumbi kobo. Ndinatsala pansi pa mtengo maola awiri athunthu. Pansi pa chiguduli panayamba kadambo, ndipo mbuzi ina inabwera kudzanyambita phindu langa lonse la m'mawa uja. Galimoto yachiwiri inafika cha m'ma 10 koloko ndi theka. Mtengo wake? K6,000. Ndinalipira mwakachetechete ngati munthu wopereka chipepeso.

Katundu wanga ndinamufungata pamiyendo, kuopa kuti kumbuyo angamukhalire ndi matumba a ufa. Tisanapite patali thalauzi linali litanyowa mpaka m'mawondo. Mkulu wina wa kofia yoyera amene tinapanikizana naye anayang'ana pansi, n'kundiyang'ana kumaso.

"Akulu, mukanangonena. Dalaivala akanaima."

Galimoto yonse inafa ndi phwete. Pofuna kuteteza mbiri yanga ndinafotokoza zonse, za achimwene, za dzanja, za khofi. Kuseka kunatha. Mayi wina wojintcha amene anakhala kutsogolo kwanga, beseni lopanda kanthu ali nalo pamiyendo, anatembenuka. Anati ndi Amake Chisomo, amapita kukapikula nsomba kumadooko.

"Ndiye ayezi mwamuveka chiguduli basi? Inu ndinu a m'tauni zoona. Ameneyutu pofika ku Lungwena mudzangowapatsa odwalawo chiguduli kuti afinye. Tikafika pa Malindi munditsatire."

Pa Malindi tinafika cha m'ma 11 koloko ndi theka, ndipo dalaivala anati timupatse mphindi zochepa apope tayala. Amake Chisomo ananditengera kuseri kwa magolosale, kwa kalipentala wina amene ankapala chitseko. Anamupempha utuchi wodzaza katoni.

"Zingati?" ndinafunsa.

"Tengani, n'zotaya izi."

"Aaa, chepetsaniko pang'ono," pakamwa panga panatero pasanandifunse.

Kalipentala anaika chopalira chake pansi. "Mayi, munthu wanuyu ali bwinobwino?"

Mayiwo sanataye nthawi. Anathira madzi onse a m'pulasitiki, chifukwa akuti madzi ndi amene amadya ayezi, n'kumangira chibuma chotsalacho m'majumbo awiri oyera kuti utuchi usachikhudze. Kenako anachikwirira pakati pa katoni, utuchi pansi, utuchi m'mbali, utuchi pamwamba. "Musatsegule kuti muone ngati alipo. Amuna mumatero inu." Ndinawagulira chinangwa chokazinga cha mchere ndi tsabola. Anadya, koma nditawatambasulira kandalama kothokoza anandikankha dzanja. "Bambo anga anagona zaka zitatu ndi matenda omwewo. Kapangeni khofi wanuyo."

Kuchoka pa Malindi msewu unayamba kutisefa. Maenje ena dalaivala ankawazemba, ena ankawalonjera. Kumanzere nyanja inkaonekera apo ndi apo pakati pa migwalangwa, madzi ochuluka chonchija, ine ndikudera nkhawa madzi a m'katoni. Kawiri konse dzanja langa linapita pa chivundikiro, ndipo kawiri konse Amake Chisomo anatsokomola osatembenuka n'komwe.

Tinatsika pa Lungwena 1 koloko itapitirira. Wa kabaza wa njinga yamoto anati K1,500 mpaka kumudzi. Ndinangokwera. Anachita kundiyang'ana kawiri, mwina anadandaula kuti akanatchula zambiri.

Achimwene ndinawapeza pakhonde, atatsamira khoma, dzanja lamanja lili pamwendo ngati la munthu wina. Munthu amene ankavala malaya oyera osita mpaka kolala kuima anali atatha, mafupa a m'khosi ali poyera. Anayankha salamu yanga motsitsa, mawu akukoka mbali imodzi.

"Usufu, wabwera ndi ayezi?"

Ndinafukula mu utuchi muja. Anatsala wofanana ndi mango awiri aakulu.

"Akwana tambula imodzi," anatero. "Usalakwitse."

Alamu anayatsa mbaula n'kuibweretsa pakhonde pomwepo. Poyamba tinawiritsa madzi pang'ono, kuthiramo khofi masipuni atatu odzaza ndi kachidutswa ka jinja kotswanya, kuti kazitenthetsa pakhosi m'malo mwa mowa uja. Tinasefa ndi kansalu koyera, kapu n'kuiimika m'beseni la madzi a pa mjigo kuti izizire. Kenako inafika ntchito ya shuga. Masipuni anayi m'sefuliya youma, pamoto wochepa, popanda madzi. Ine poona kuti palibe chikuchitika ndinakupiza moto n'kuyamba kutakasa. Shuga anaundana mibulu, kenako anada bii, utsi wowawa n'kutitsokomoletsa tonse.

"Taya," anatero achimwene. "Shuga si kasitomala wako kuti umukakamize. Musiye aganize yekha."

Ulendo wachiwiri manja ndinawaika kumbuyo. Shuga anayamba kusungunuka m'mbali, kuyera ngati madzi, kenako kufiirira pang'onopang'ono. Achimwene anali atasuntha, khosi atasolola, mphuno ikugwira ntchito.

"Dikira. Dikira. Akafanana ndi uchi wakale. Tsopano! Phula!"

Mawu amenewo anatuluka athunthu, moti alamu anasuzumira kuchokera m'nyumba. Ndinathira mkaka wofunda pang'onopang'ono monga anandiuzira, sefuliya inalira n'kufufuma, fungo lake n'kudzaza bwalo lonse. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Tinadikiranso kuti zizizire, ine maso ali pa katoni.

Chokhutchumulira cha chitsulo chimene ankagwiritsa ntchito chinatsala ku loji, ndiye alamu anatsuka botolo la chiponde lokhala ndi chitsekero. Ndinaswa ayezi ndi msana wa mpeni, n'kuthira zonse m'botolomo, khofi, karamelo, ayezi. Ndinatseka n'kuyamba kukhutchumula.

"Ukutsuka botolo kapena? Bweretsa kuno."

"Achimwene, dzanja..."

"Lilipo lina."

Analigwira ndi dzanja lamanzere, kulikweza mpaka pafupi ndi khutu, n'kuyamba. Poyamba linkawapulumuka, ndipo ine ndinali nditatchera manja m'munsi. Kenako anawapeza mayendedwe ake, ayezi akulira tcheketche tcheketche, phewa likuvina, maso atatsinzina. Ankamvetsera. Phokoso litayamba kufewa anaima, thukuta lili kamukamu. Ndinatsanulira m'tambula, ndipo pamwamba panakhala thovu lofiirira lokhuthala ngati chala.

Anati bisimilahi n'kumwa kamodzi. Anatsitsa tambula n'kumaiyang'anitsitsa, moti ine ndinayamba kuwerengera zimene ndinalakwitsa kuyambira pa mlatho.

"Ndiye alendo aja ankanena zoona," anatero. "Zaka zonsezi ndimayesa amangondisangalatsa."

Anamwanso, kenako anandipatsa kuti ndilawe, n'kuwapatsanso alamu. Kunena zoona, chinthu chija chimayamba ndi kuwawa kwa khofi, kutsekemera n'kubwera pambuyo, jinja n'kutsala pakhosi. Yotsalayo anamaliza okha mpaka thovu. Ndiye anapukuta pakamwa n'kuyang'ana akazi awo.

"Abiti Saidi, zimenezitu sitinkapatsa mlendo m'mimba muli mbee. Muli chiyani m'nyumbamo?"

Alamu anangothamanga, chitenje chili m'manja. Munali mpunga ndi nyemba za masana, ndipo achimwene anadya kupitirira theka la mbale, uku akundinyoza za shuga woyamba uja.

Ndinabwerera m'mawa mwake, katoni n'kuisiya konko. M'galimoto ndinkaganiza za anthu amene anaufikitsa ulendowu: mayi wa beseni amene sindikudziwa ngakhale mudzi wake, ndi kalipentala amene mpaka lero akuyesa kuti ndine wamisala. Ine katswiri wa mitengo ndinangotsala pang'ono kufika ndi chiguduli chonyowa, chifukwa zinthu zina ukamanenerera zimakhala zikusungunuka. Tisanafike pa mlatho foni inalira. Anali alamu, akulankhula monong'ona ngati akuopa kuti nkhaniyo ingathawe.

"Alamu, amwa phala lonse. Panopa akundikalipira kuti sindidziwa kutsuka tambula."