Madala Osapitirira Munthu Panjira

Kumzinda wa padoko wa Halifax kuno galimoto ya madala a nyumba yapakona inkaima paliponse. Akangoona munthu akuyenda wapansi, kaya ndi chidakwa kaya mlendo, ankatsegula chitseko. "Kwera msanga, madziwa ngozizira," ankatero, ngakhale msewu uli gwa.

Tsiku la ukwati wa mdzukulu wawo anafika mwambo utatha, atanyamula msodzi woledzera. Mwana wawo Moira anapsa mtima. "Bambo, lero lokha simukanangopitirira?"

Madala anangoti zyoli. Anayankha ndi akazi awo, chapansipansi: "Asiye, mwanangu. Pa nkhondo ya dziko lonse ija sitima yawo yankhondo yapamadzi inkaperekeza zombo za chakudya. Chimodzi chitaphulitsidwa, anthu anali mbwee m'madzi, akukuwa, akukweza manja. Lamulo linali loti asaime, poti mdani anali atabisala pansi pa nyanja. Pachiwongolero panali bambo akowa."

Chaka chino maso a madala ayamba kuchita khungu, ndipo Moira ndiye amayendetsa, iwo atakhala pambali. Akamapitirira munthu panjira, Moira amaliona phazi la bambo akewo likuponda pansi, kufunafuna buleki.