Maikolofoni pa Bulauzi ya Amai

Atate atapuma pa ntchito ya boma, anayamba kuyankha zimene sanafunsidwe. Amai akawauza kuti tiyi wapola, iwo ankayankha kuti mpira uyamba madzulo. Koma geti la nyumba yathu ku Chelstone likangoti kwee, ankadzuka msanga kukaona mlendo. Amai anaweruza mlanduwo okha: munthu womva geti koma osamva mkazi wake sakudwala, ndi mwano chabe.

Azakhali a ku Kabwata anati ndi phula la m'khutu, nawathira mafuta ophikira a saladi mpaka pilo kumanunkha vitumbuwa. Alamu anga anagula kachipangizo kokweza mawu pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity. Atate atakavala anamva nkhuku za aneba, firiji, ngakhale kulira kwa m'mimba mwanga, koma zolankhula za anthu zinali phala lomwe lija, kungoti tsopano laphokoso.

Ndinawatengera kwa dokotala wa makutu ku Woodlands. Amai anatsatira kuti akaone bodza likuululika. Dokotalayo, mayi wodekha, anawaveka zomvera. Kulira kwa makina atate ankakumva ndithu, koma atauzidwa kubwereza mawu, “mbale” inasanduka “ndale”. Kenako anawamata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu, nawauza kuti agone phee. Atate anamvera mopitiriza muyezo, mpaka mkonono.

Dokotala anafotokoza kuti khutu lenilenilo likugwira ntchito. Vuto linali mumtsempha wotengera mawu ku ubongo, umene unkawafikitsa osokonezeka ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. Kukuwa sikukanathandiza. Anati tiziwayang'ana kumaso, tizilankhula mosathamanga, wailesi titatseka. Amai anafunsa ngati makinawo munthu sangawanamize. Atamva kuti ayi, m'minibasi pobwerera anagwira atate dzanja ulendo wonse.

Mtsemphawo sunachire. Chimene chinathandiza n'kachipangizo ka m'khutu koyezedwa bwino, pamodzi ndi kamaikolofoni komata pa chovala cha wolankhula, kotumiza mawu molunjika kwa atate. Amai ankakamata pa bulauzi m'mawa, n'kuiwala kuti kalipo.

Loweruka lina tili m'khitchini, amai anandinong'oneza kuti chiyambireni atate kuthamanga magazi, nyama sanawapatsepo. Ankawaphikira soya wothira tomato wambiri, ndipo akuluwo ankayamikira kuti ng'ombe za masiku ano n'zofewa. Tinaseka mpaka misozi.

Tili choncho, atate anaima pakhomo, nyuzipepala ili m'manja.

“Amake mwana, kansi nyama ija ni soya?”

Amai anayang'ana ine, kenako bulauzi yawo. Anaweramitsa chibwano kufika pa maikolofoni.

“Ee, ni soya. Na mailo muzadya futi.”

Atate anaganiza pang'ono, napempha kuti mawa awonjezereko anyezi.