Kabowo ka pa paipi yobwezera madzi

Dzina loti a Sipanala linawakanirira kuyambira tsiku la ukwati wawo, pamene chitsulocho chinagwa m'thumba la jekete abusa ali mkati mopemphera. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi anali pulambala pa hotela ina yaikulu m'tauni: zimbudzi zotsekeka, mashawa odontha, mathanki a padenga. Anali munthu wosalankhulalankhula. Akazi awo ankauza anzawo kuti, "Awa kuti akumvetsereni, muyambe mwadontha."

Polowera pa hotelayo panali thanki yagalasi yotalika mamita awiri, ya madzi amchere. Munali tinsomba tamawangamawanga ndi makorali, tizamoyo ta m'nyanja zamchere tooneka ngati maluwa omera pamwala. Amene ankaisamala atasiya ntchito, udindowo unagwera a Sipanala, poti paliponse pamene padutsa paipi ndi pa pulambala. Anayamba monyinyirika, koma mapeto ake nthawi yopuma masana ankathera pomwepo, mphuno pagalasi.

Chaka chimene ankapuma pa ntchito, eni hotela anaganiza zochotsa thankiyo kuti aikepo TV. A Sipanala anaipempha. Inabwera pa lole, amuna asanu ndi mmodzi thukuta kamukamu, ndipo chitseko cha pabalaza anachita kuzula kuti ilowe. Nsomba ndi makorali anazisunga kaye m'mabeseni awiri akuluakulu pafupi ndi zenera.

Pulani anaijambula kuseri kwa kalendala yakale. Madzi osefukira pamwamba azitsika ndi mapaipi awiri, ina yogwira ntchito, ina yodikira tsiku limene inzake idzatsekeke. Azifika m'kathanki ka m'kabati ya pansi, kumene azisefedwa, kenako pampu iziwakankhira kumwamba. Pa paipi yobwezera madziyo, chala chimodzi pansi pa pamene madzi adzalekezere, anaikapo kadontho ka pensulo. Sanalembepo mawu. Akanalembera ndani, pamene womanga anali iwo omwe?

Kadonthoko kankaimira kabowo. Magetsi akazima pampu imaima, ndipo paipi yobwezera imayamba kukoka madzi kuwatsitsira pansi, monga mmene dalaivala amatsopera mafuta m'galimoto ndi kapaipi. Kabowo kamalowetsa mpweya, kukokako n'kuduka. Popanda kabowo, thanki imakhuthukira pansi mpaka pamene paipi yalekezera.

Anali atamata mapaipi otsikira okha pamene sowo inawapulumuka m'manja tsiku lina m'mawa. Anawerama kuti aitole, n'kuitsatira pansi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako patatha milungu isanu ali pa njinga ya olumala, dzanja lamanja lili lende. Nzeru zonse zinalimo, koma pa mawu onse amene anali nawo panangotsala amodzi okha: "Chabwino." Akafuna madzi, chabwino. Mwendo ukamapweteka, chabwino. Ngakhale mutu unkawapusitsa, pofuna kupukusa ankapezeka akugwedeza.

Makorali m'mabeseni muja anayamba kufwifwa, ndipo mkamwini wawo, mphunzitsi wa masamu, munthu wa mtima wabwino, anadzipereka kuti amalize ntchitoyo. Loweruka lina anayala kalendala patebulo, a Sipanala ali pambali pake.

"Bambo, pampu ikhale kumanja kuno?"

"Chabwino." Apo zinagwirizana.

"Nanga aka?" Mkamwini anasuzumira kadontho kaja, n'kukakanda ndi chikhadabo. "Zantchentche izi."

A Sipanala anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere. "Chabwino! Chabwino!"

"Mwawaona? Asangalala," anatero akazi awo ali pakhomo la kukhitchini. "Chibwerereni sindinawaone chonchi."

Mkamwini anagwira ntchito yooneka bwino, guluu osataya ngakhale dontho. Kuti paipi yobwezera isamaoneke, anaitalikitsa mpaka pansi penipeni, n'kuibisa kuseri kwa miyala. A Sipanala anayesa zonse. Anapempha pensulo ndi maso, koma zimene dzanja lamanzere linalemba zinali ngati mapazi a nkhuku. Anatola msomali n'kumabaya nawo m'mwamba, mwana wawo wamkazi n'kuthamangira kukatenga mankhwala, poganiza kuti akunena za jakisoni. Atatopa anatseka maso, onse n'kuyamba kuyenda monyang'ama kuti bambo agone.

Thanki inadzazidwa, pampu inalira, makorali anatambasuka n'kubwerera mtundu. Kwa milungu itatu anthu ankabwera kudzaona. A Sipanala sankayang'ana nsomba. Ankayang'ana babu la kudenga.

Magetsi anazima Lachiwiri masana, m'nyumba muli awiriwiri ndi akazi awo. Pampu inati zii. Kenako m'kabati munamveka kaphokoso konga ka munthu wothira tiyi m'kapu yomwe yadzaza kale, ndipo madzi anatulukira pansi pa chitseko cha kabatiyo, n'kuyamba kuyenderera pa simenti.

Mayi aja anabwera ndi chokolopera, kenako ndowa, kenako mapoto. Mkati mwa kabati, kumanzere, munali chotsekera chofiira. Kungochipotoza kamodzi, zonse zikanatha. A Sipanala analoza, thupi lonse litapendekera kutsogolo.

"Ndaona, bambo, ndaona, akuchokera m'menemo," anatero mayiwo akufinya chokolopera.

"Chabwino."

"Si chabwino ayi, taonani mapazi anu anyowa. Mungadwalenso chibayo."

Anagwira njinga, kuitembenuza, kuwakankhira pakhonde, n'kuwafunditsa bulangete m'miyendo. Kumeneko a Sipanala anakhala akuona nkhuku za aneba zikupalasa, khutu lili m'nyumba. Madzi ankawadziwa ndi kulira kwake. Anamva mmene ankachepera, mpaka paipi inakoka mpweya n'kugeya. Pamenepo anadziwa kuti m'thanki mwangotsala ofika m'kakolo, ndipo makorali onse ali pamtunda.

Mkamwini anafika madzulo ataweruka. Mchere wopangira madzi ena unalipo wochepa, ndipo sitolo yogulitsa mchere woterowo inali itatseka kale. Anafunditsa makorali matawulo onyowa, koma pofika Lachisanu nyumba yonse inkanunkha, ndipo mnofu wa makorali unkasupuka, kusiya miyala yoyera mbee. Pa nsomba zisanu ndi zinayi panapulumuka ziwiri.

Lamlungu mkamwini anabwera ndi kalendala ija, maso ali pansi. Anali atafunsa kwa pulambala wina. Anakankhira njinga pafupi ndi thanki, n'kuyamba kuyendetsa chala pa paipi pang'onopang'ono kuchokera pansi.

"Musayankhe, bambo. Ndikafika, mungondigwira."

Chala chitayandikira pamwamba, dzanja lamanzere la a Sipanala linamugwira pamkono mwamphamvu moti zala zinadinda. Mkamwini anaboola. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Atadzazanso thanki, anazimitsa pampu kuti ayese: paipi inakoka pang'ono, inatsokomola, n'kusiya. Anakhala pansi pa simenti pomwepo, choboolera chili pamiyendo.

Makorali ena analibe kowatenga. Miyala yoyera ija anaibwezera m'thanki kuti nsomba ziwirizo zizipeza pobisala, ndipo ili momwemo mpaka lero. Alendo amaikonda. Tsiku lina mayi wa nyumba yoyandikana nayo anaima pagalasi nthawi yaitali, manja ali pachifuwa.

"Koma ndiye zayera bwino. Kale zija zinkaoneka zakuda. Mumatsuka ndi chiyani?"

Akazi a Sipanala anayang'ana amuna awo. Iwo anali atatembenukira kukhoma.

"Zimayera zokha," anayankha akaziwo, n'kutenga kansalu kuwapukuta amuna awo pakamwa.