Mkwatibwi amene Eneya anajambulitsa naye ku Qatar

Eneya Sitima ndi mkamwini wathu kuno kwa Jenala, mwamuna wa Magret, mdzukulu wanga. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa polemera. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, yankho umalilandira masana.

Ntchito yake inali yoyendetsa lole ya mmwenye wina wa ku Limbe, yodzatenga nandolo pa Migowi. Mu 2003 mnzake wa bwanayo anafuna dalaivala wosamwa mowa ku Qatar, dziko la Aluya. Eneya anakwera ndege, ife n’kutsala kukamwa yasa.

Makalata ake anali ngati iye mwini. “Ndili bwino. Kukutentha. Moni kwa ana.” Basi. Patapita chaka anaikamo chithunzi, osalemba chilichonse kuseri kwake. Wojambulayo anaimira patali. Munali Eneya mu suti, atagwirana dzanja ndi munthu wovala diresi loyera lofika m’mapazi, nsalu yoyera kumutu itagwera m’mapewa, nkhope atayang’anitsa kunyanja.

Magret anangokhala pansi. Amayi ake anachitembenuza chithunzicho kawiri.

“Velo iyi! Wamanga woyera, galu ameneyu! Mwana wanga anamukwatira ndi chitenje chobwereka!”

Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, nyumba ndi ya mkazi. Tsiku lomwelo njinga ya Eneya, khasu ndi mabuluku ake zinakalowa m’khola la mbuzi. Magret anamulembera mawu awiri: “Bwerani tikambirane.” Iye anayankha kuti abwera pa tchuthi mu Ogasiti. Miyezi inayi Magret anaonda, mpaka kwaya anasiya.

Eneya atafika, anapeza ankhoswe atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. A Lekani, amalume a Magret, anamuponyera chithunzi pamiyendo.

“Akamwini, mayi awa ndani?”

Eneya anachitola n’kuchiyang’ana. “Awa ndi abwana.”

“Mwakwatira abwana anu?”

“Ndi bambo. A Hamad. Ali ndi ana asanu ndi awiri.”

“Bambo wovala velo? Ife mwationa ngati ana?”

Apa, kwa nthawi yoyamba chibadwire, Eneya analankhula mpaka thukuta. Anati kumeneko amuna onse amavala mkanjo woyera ndi nsalu kumutu chifukwa cha dzuwa ndi fumbi, akazi ndiwo amavala zakuda. Dzikolo n’laling’ono, ukanyamuka ndi galimoto m’mawa umakagunda nyanja nthawi ya tiyi isanakwane. Kulibe mtsinje ngakhale umodzi, kulibe phiri lofika ngakhale m’mawondo mwa Michesi, mchenga ndi miyala basi. Madzi akumwa amatunga m’nyanja n’kuwachotsa mchere ndi makina. Mvula ikagwa, anthu amatuluka ndi ana kukaionera. Tsiku lopemphera ndi Lachisanu, Lamulungu amagwira ntchito.

“Nanga dzanjali?” anafunsa apongozi ake.

“Munthu akakukonda amakugwira dzanja, amayi, monga kuno. Anzawo enieni amagundana mphuno.”

“Inu munagundana nawo?”

“Ine ayi. Ine ndi dalaivala.”

A Lekani anati nkhani yokoma aliyense angathe kuipeka mu ndege. Eneya anatsegula chikwama n’kutulutsa zithunzi zina. Ankati adzationetsa pang’onopang’ono, kuopa kuoneka wonyada! Munali ngamila zikuchita mpikisano, mbalame yonga kabawi itakhala pampando wakutsogolo m’galimoto, ndi amuna khumi atakhala pamkeka, onse m’madiresi, akumwa khofi m’timakapu tonga chivindikiro cha botolo. Chomaliza chinali cha mkwatibwi uja, atayang’ana kutsogolo tsopano. Ndevu zakuda bii, mimba ngati thumba la feteleza.

Magret anachilanda. Anayang’ana, n’kuyang’ananso. Kenako anaseka, kusekako n’kusanduka kulira, kulirako n’kubwereranso kuseka.

“Inu a Sitima, cholembera chinatha inki? Simukanalemba kuti awa ndi bambo?”

“Ndimayesa zikuoneka.”

Apongozi anadzuka, n’kukatulutsa okha katundu m’khola. Buluku limodzi mbuzi zinali zitadya mwendo. Palibe amene anapepesa, naye sanafunse.

Eneya anagwira zaka zina zitatu kumeneko, kenako anabwerera. Pano ali ndi chigayo kwa Chiwalo. Magret wanenepa, ndipo m’kwaya mawu ake amamveka mpaka kumsewu. Mwamuna wake akadali wosalankhula, koma akamapita ku Limbe kukagula zipangizo za chigayo, amaima pakhomo n’kutchula mmodzimmodzi anthu amene akakumane nawo, n’kunenanso kuti ndi amuna.