Anyamalikiti a Padenga la Amayi

Matenda anga otolera ndalama zakale ndinawatengera mu minibasi. Tsiku lina ndikuchoka m'tauni kupita kwathu ku Natuseko, kondakitala anandiponyera chenji m'manja, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti pakati pa mangwee atsopano wandibisiramo sheleni ya makedzana yosagula ngakhale machesi. Ndinakwiya mpaka madzulo. M'mawa mwake ndinaitsuka ndi mandimu, n'kuyamba kuikonda.

Patatha zaka khumi ndinali ndi kabokosi ka thabwa kokhala ndi timabowo, ndalama iliyonse pakepake: tiki, susu, sheleni, kobiri wobowola pakati wokhala ndi njovu ziwiri. Bowo limodzi lokha linali lopanda kanthu. Linkadikira hafupeni, theka la kobiri, ya nthawi ya chitaganya cha mayiko atatu. Nayonso ndi yobowola pakati, koma m'malo mwa njovu ili ndi anyamalikiti awiri, nyama zija ena amati akadyamsonga. Akuluakulu a m'mabuku amati si yosowa kwenikweni, koma iwo sakhala ku Kabwe. Ine ndinaifunafuna ku Lusaka, ku Ndola, kwa ogula zitsulo zakutha, ngakhale kwa madikoni a kumpingo kwathu, poti anthu ena amaponya zodabwitsa m'mbale ya chopereka. Munthu wina anandiyendetsa mpaka ku Kapiri kuti ali nayo, ndikufika n'kupeza ndi batani la jekete.

Mkazi wanga ankati ndine mwamuna yekhayo m'Zambia muno wosauka chifukwa chokhala ndi ndalama zambiri. Ndinkaseka, koma bowo lija linkandiwawa ngati dzino loguluka.

Amayi anga amakhala ku Chowa, komboni ina ya m'Kabwe momwemuno, m'nyumba imene ndinabadwiramo. Bambo anga, omwe anamwalira kalekale, anali mwana wa munthu wochokera ku Malawi amene anabwera kudzagwira ntchito kumgodi, ndipo nawonso anathera moyo wawo kumgodi komweko. Anali munthu wouma nkhope. Sindikumbuka nditawaona akuseka mpaka mano kuoneka. Atakwatira anawonjezera okha zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba, khitchini ndi chipinda chogona, n'kukhoma malata ndi manja awo.

Chaka chatha, mvula ili pafupi, amayi anandikumbutsa kuti khitchini ija imadontha, ndipo ndinatuma kalipentala wina wa komweko kuti akamate. Madzulo ake anandiimbira foni.

"Ba ticha, imwe si ndimwe mukonda vindalama vakudala? Pa denga ya ba mayo pali vambiri. Ba shikulu benze kuvifaka monga mawashala."

Ba shikulu amene ankanenawo anali malemu bambo anga. Anandifotokozera kuti kale, ndalama zachitsamunda zitasiya kugwira ntchito, anthu ochenjera ankatenga makobiri obowola aja n'kulowetsa msomali pabowo pokhoma malata, kuti madzi asalowe. Padenga la khitchini anawerenga njovu zokhazokha. Koma kumbali ya chipinda chogona, anatero, kunali tina ting'onoting'ono.

"Ting'onoting'ono bwanji?" ndinafunsa.

"Sininafike pafupi. Ba mayo banakana. Bakamba ati uko ni no entry."

Loweruka m'mawa ndinali kale pa minibasi ya ku Chowa, nditanyamula shuga, buledi ndi nkhuku yamoyo. Amayi ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, koma maso awo amaona mpaka m'thumba la munthu. Anayang'ana nkhuku, n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, nkhukuyi ikufuna chiyani?" Akamanditcha aphunzitsi ndimadziwa kuti zanga zavuta.

Ndinawauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati denga la chipinda chawo silikudontha, ndipo chinthu chosadwala sachipititsa kuchipatala. Anakhoma ndi amuna awo, ndipo palibe wozula msomali pamenepo iwo ali moyo. Nkhuku analandira.

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa kwambiri. Zaka khumi ndikuthera ndalama pa mabasi, chonsecho chinthucho chili pamwamba pa bedi la amayi anga, ndipo ndikuletsedwa ngati mwana wofuna shuga. Kalipentala anandinong'oneza nzeru yakuti tikwere Lamlungu amayi ali kutchalitchi. Sindinama, nzeruyo ndinagona nayo masiku awiri. Koma mkazi wanga anati ndikachita zimenezo, iye ndiye akakhala woyamba kukaulula, ndipo anandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinadekha. Loweruka lililonse ndinkapita ku Chowa osatchula za denga. Ndinakonza chitseko cha chimbudzi, ndinadulira mtengo wa mapeyala, ndinamva nkhani zonse za amayi a chigwirizano cha kumpingo, amene wadwala, amene wakwatitsa mwana mopanda dongosolo. Amayi ankadziwa chimene ndikudikira, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa. Sabata lachisanu ndi chimodzi ndinapita ndi kabokosi kanga, popanda cholinga china koma kuti aone kuti mwana wawo si wamisala kwenikweni.

Anakatsegula pamiyendo pawo. Ananyamula tiki n'kunena kuti ameneyu ankagula mabanzi, ananyamula susu n'kukumbuka nsalu ina ya maluwa. Kenako chala chawo chinafika pabowo lopanda kanthu lija n'kuima pomwepo kanthawi.

"Ukwere wekha," anatero. "Osati kalipentala. Msomali umodzi, wakumapeto, ndipo ubwezeretse bwino. Ndikanyowa, udzandisamutsira kwako."

Ndine munthu wa zaka makumi asanu ndi zitatu, ndipo mimba yanga imafika pamalo ine ndisanafike. Makwerero obwereka kwa aneba ankalira pa sitepe iliyonse. Azimayi awiri ogulitsa tomato pamsewu anasiya malonda n'kuyamba kuonerera, wina n'kufuula kuti, "Ba ticha, mwaluba njila, sukulu ili pansi!" Dzuwa la Okutobala linali litawotcha malata moti ndinkakwawa ngati mphaka pa mbaula.

Kumbali ya chipinda chogona ndinatipeza timakobiri tija, tili pamzere, tobiriwira ndi ukalamba, kalikonse ndi msomali wake pakati. Pamwamba pake sipankaoneka nyama iliyonse. Ndinalowetsa hamala pansi pa msomali wakumapeto n'kuzula pang'onopang'ono. Kandalamako kanamatirira ku lata, ndipo ndinakatokosa ndi chikhadabo mpaka kanatembenuka. Mbali yoyang'ana pansi inali yoyera bwino, mvula ndi dzuwa sizinaikhudze. Anyamalikiti awiri anali chiimire, makosi m'mwamba, bowo pakati pawo.

Ndinakhala pansi padenga lotenthalo n'kuseka ndekha ngati chitsiru. Ndinasangalala kwambiri, kuposa tsiku limene ndinalandira kalata ya ntchito. Ndinakhoma msomali watsopano ndi washala wa kusitolo, ndinamata phula kawiri, n'kutsika buluku litang'ambika kumbuyo.

Amayi anali pampando wawo pansi pa mtengo. Ndinagwada n'kuwaika kandalamako m'dzanja. Anakayandikitsa kumaso.

"Unakapeza kakuyang'ana kuti?"

"Pansi, amayi. Kuchipinda kwanu."

"Tonseto tikuyang'ana pansi," anatero. Ndinafunsa chifukwa chake bambo anaika njovu kukhitchini, anyamalikiti kuchipinda. Ndinkaganiza kuti ayankha kuti makobiri anawathera.

Amayi anaseka, kuseka kwina kumene sindinakumvepo, kobisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Anati ali mtsikana anali wamtali, wowonda, khosi lalitali, ndipo bambo anawaona koyamba pampopi akusuzumira pamwamba pa mpanda. Kuyambira tsiku limenelo, akakhala awiriwiri, sankawatcha dzina lina koma nyamalikiti. Pomanga chipinda chija anayenda nyumba ndi nyumba m'komboni, kusinthitsa njovu zawo ndi mahafupeni, mpaka anakwana denga lonse. Atamaliza kukhoma anatsika n'kunena kuti, "Ndakuikira abale ako pamwamba, azikuyang'anira ndikakhala kumgodi."

"Bambo anga omwewa?" ndinafunsa.

"Unkaganiza kuti ana asanu ndi awiri tinakutolani pamsewu?"

Ndinachita manyazi ngati ndatsegula chitseko osagogoda, komanso ndinamva kukoma mumtima, poti munthu amene ndinkamuopa moyo wanga wonse anayendapo m'komboni ndi makobiri m'thumba chifukwa cha khosi la mtsikana. Ndinawauza amayi kuti ngati akufuna ndikwerenso ndikabwezeretse.

Anandibwezera kandalamako n'kupinda zala zanga ndi dzanja lawo.

"Mmodzi apite akaone ku Natuseko," anatero. "Otsalawo uwasiye, adakali pa ntchito."