Mpira M'munda mwa Apongozi

Ine ndine wa phuma, ndipo chaka chimene ndinkaphunzitsa timu ya kwathu ku Kaporo aliyense anadziwa zimenezo. Tikangochinya chigoli chimodzi, maso anga ankachoka pa mpira n'kupita pa wotchi.

Tsiku limenelo tinkatsogola ndi chigoli chimodzi kwa duu, ndipo opambana anali oti akasewera fainolo ku Boma. Kunatsala mphindi khumi. Kukhala pansi kunandikanika. Uku ndapita, uku ndabwera, chipewa ndavula, ndavalanso.

Bwalo lathu linachita malire ndi minda ya mpunga, ndipo mpira tinali nawo umodzi wokha. Nzeru yanga yothera nthawi inagona pomwepo. Mpira ukagwera m'madzi, wokautenga ankatitimira mpaka m'mawondo, basi mphindi ziwiri zapita.

"Menyerani kumpunga!" ndinakuwa.

Koyamba zinayenda. Kachiwiri zinayendanso, mpaka ndinayamba kudziona ngati katswiri. Kachitatu wotchinga kumbuyo wathu anaumenya ndi mphamvu zake zonse, ndipo unakagwera m'munda mwa apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, amene anali atawerama kuwokera mbande.

Anautola, kuupukuta ndi chitenje, n'kuukhalira pamtumbira.

Osewera awiri anapita kukapempha, anabwerako chimanjamanja. Woyimbira anandiyandikira. "Akochi, mpira ndi udindo wa eni bwalo. Ukapanda kubwera pa mphindi zisanu, masewerawa ndipereka kwa alendo."

Ine amene ndinkafuna kuti nthawi ithamange, tsopano ndinkaipempha kuti iime. Ndinaliyatsa liwiro, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Koma apongozi sulankhula nawo uli chiimire, ngakhale nyumba ikupsa. Ndinanjuta chapatali, madzi akundilowa m'kabudula, n'kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Anayankha mosapupuluma, m'Chinkhonde. Anafunsa za mwana wawo, ngati chifuwa chija chinasiya. Anafunsa za adzukulu, mmodzimmodzi, onse anayi. Anafunsa ngakhale za ng'ombe yanga yotsimphina. Moni wa apongozi sadukiza. Ndinkangoti "Ndaga, ndaga," zikomo wa Chinkhonde ameneyo, diso likuba pa wotchi. Kunena zoona ndinapsa mtima, koma ndikanaupsera yani?

"Mbande zimene anyamata anu apondapondazi," anatero, "si mpunga womwewu umene ana anu amadya?"

Ndisanayankhe, wezulo inalira katatu. Kumbuyo kwanga ndinamva alendo akulumpha ndi kuimba. Ulendo wa ku Boma unathera pomwepo, ine ndili chinjutire m'madzi.

Apo m'pamene apongozi anadzuka n'kundipatsa mpira ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Tengani, bambo. Ndimakumvani mukukuwa kuti nthawi ithe. Yatha."

Kenako anandipatsanso mtolo wa mbande, n'kundilozera pamene anyamata anga anaponda.