Diresi Lobiriwira la Wilbroad Tembo

Msuweni wanga Wilbroad Tembo anali telala, ndipo kunena zoona sanali telala wabwino. Ukamupatsa nsalu ya thalauza, mwendo wina unkaloza ku Mwami, wina ku Katete. Anakhala zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya a Asmani akupalasa makina ake, ndipo zaka zonsezo ine ndinkamunena. Msuweni ungamusiyirenji? Chovala chimene anasoka bwino ndi chimodzi chokha: diresi lobiriwira la manja otukumuka, limene ankavala iye mwini.

Musafulumire kuganiza zina. Tinali ndi gulu la zisudzo la amuna okhaokha asanu ndi awiri, chifukwa panalibe bambo wolola mkazi wake kukaima pagulu n'kumatchedwa mkazi wa wina. Mbali ya mkazi inagwera Wilbroad. Akavala diresi lija ndi duku ankasanduka Mayi Loveness, mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna wake amabwera kudzamulanda katundu. Mlamu wolandayo ndinali ine. Wilbroad akayamba kulira atakumbatira mtondo, amayi oonerera ankalira naye, ndipo ku Tamanda mayi wina anandigenda ndi chitsononkho pachipumi.

Gululo linali ndi lamulo. Munthu akavala, dzina lake lenileni silitchulidwa mpaka chovalacho chibwerere m'bokosi lathu lachitsulo. Sewero likatha, aliyense ankapinda chake n'kuika m'bokosimo, anzake n'kumuitana dzina, iye n'kuvomera. Tinkati zimathandiza kuti munthu asapite kwawo ndi khalidwe la m'sewero.

Mu 2009 tikusewera pasukulu ina ku Chiparamba kunabwera a Malcolm Sakala, aphunzitsi a pa yunivesite ina ku Lusaka, amene ankalemba buku la mbiri ya zisudzo za m'midzi. Anajambula zithunzi, ndipo sewero litangotha anabwera ndi kope lawo kudzafunsa dzina la mayi uja. Wilbroad anali akadali m'diresi. Anagwada mwaulemu, maso pansi, osayankha, n'kundiyang'ana chamseri. Ine, pakamwa panga posachedwa kuyabwa, ndinati ndi Mayi Loveness, ndipo ndinathirako mchere: ati anasiya banja chifukwa amuna awo ankawaletsa zisudzo. Aphunzitsi aja analemba zonse. Ndinkati tikavula ndiwauza zoona tiseke pamodzi. Koma mvula inali itazinga, dalaivala wa aphunzitsiwo akuopa matope, ndipo potuluka m'kalasi mmene tinkavulira tinapeza galimoto itapita.

Tinaseka njira yonse panjinga. Tikulowa m'tauni, Wilbroad anandiuza kuti ndiwalembere kalata yokonza, poti mwa tonse ine ndi amene ndinafika giredi seveni. Patapita sabata ndinamuuza kuti ndatumiza. Sindinalembe. Chingerezi changa chinandichititsa manyazi, kenako ndinaiwala.

Iye sanaiwale. Gulu linatha, anthu atayamba kuonera masewero pa mafoni. Matenda a shuga anamulanda maso, makina anagulitsidwa, koma ndikapita kukamuona ku Kapata funso linali lomwelo, ngati buku latuluka. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Mwana wake Jesca anakula akunenedwa kusukulu kuti ali ndi amayi awiri, wina wandevu. Sanaonerepo sewero la bambo ake ngakhale limodzi, ndipo atakwatiwa ku Ndola ankabwera mwa apo ndi apo. Wilbroad ankafuna kuti tsiku lina Jesca adzatsegule buku la anthu ophunzira, adzapezemo dzina la bambo ake.

Chaka chatha bukulo linafika kusitolo ya a Asmani, lolemera ngati njerwa. Ndinakalitenga, n'kulitsegula ndili m'njira yopita kwa Wilbroad. Chithunzi chinalimo, chokongola, Wilbroad atakumbatira mtondo. Pansi pake analemba kuti Loveness, mmodzi mwa akazi oyamba kulimba mtima kuchita zisudzo m'boma lathu. Panali masamba awiri athunthu ofotokoza za mayi ameneyu ndi banja limene anasiya. Ndinafufuza kumapeto kumene amandandalika mayina. Tembo analimo atatu, Wilbroad munalibe.

Ndinamupeza atakhala pampando panja. Analisisita bukulo, kulinunkhiza, n'kundibwezera kuti ndiwerenge. Ndikanatha kunama. Munthu wosaona, ndipo kunama ndi luso langa. Koma ndinadziwa kuti akalitumiza ku Ndola. Ndinamuwerengera monga analembera, ndikumasulira mopunthwapunthwa, ndipo pomaliza ndinaulula za kalata ija.

Anayendetsa chala chake patsambalo.

"Ndiye kuti munthu wa madigiri ndinamupusitsa mpaka kusindikiza," anatero. "Asuweni, pachithunzipo ndikuoneka bwino?"

"Kuposa akazi anu onse awiri," ndinayankha.

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka china. Ndinamuonapo akulira kambirimbiri pamaso pa anthu, mokweza, mogwedeza mapewa. Tsiku limenelo misozi inkangotsika, popanda mawu. Sananditukwane. Anangoti bukulo ndipite nalo kwathu, Jesca asalione.

Kalata ndinalemba sabata yomweyo, ndi Chingerezi chomwe chija. A Sakala anayankha mwaulemu, kupepesa kwambiri, kuti adzakonza bukulo likadzasindikizidwanso, ngati lidzasindikizidwenso. Wilbroad anamwalira mu Ogasiti.

Maliro atatha, Jesca akulongedza katundu anapeza diresi lija pansi pa matiresi, osati m'bokosi. Anandifunsa chochita nalo. Ndinaswa pangano, ndinamupatsa buku, n'kumuuza zonse. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati manja okumbatira mtondowo akuwazindikira, ndi a bambo ake. Anatenga bolopeni, nakhwatcha Loveness, nalemba dzina loyenera pamwamba pake. Limenelo ndi buku limodzi. Enawo ali m'mashelefu a ophunzira, ndipo sindikudziwa kuti ndi angati.

A gulu tinatsala atatu. Tinatulutsa bokosi lija, Jesca anapinda diresi, analiika mkati, ndipo tinaitana monga mwa lamulo: Wilbroad Tembo. Tinadikira pang'ono, mwachizolowezi, kenako ndinatseka.